Mfuti ya mapeleti ndi mfuti ya malemu bambo anga: kodi lamulo likuziika m'gulu liti?

Mlimi wa ku Nkhate walemba:

Ndikupereka moni kwa inu nonse, akuluakulu ndi anzanga. Ndine mlimi wa mpunga kuno kutsidya kwa Shire, m'boma la Chikwawa, ndipo ndabwera ndi nkhani ya mfuti ziwiri zimene zili m'nyumba mwanga, zomwe zandisowetsa mtendere kuyambira nthawi yokolola. Chimene chikundizunguza mutu n'chakuti aliyense amene ndamufunsa, kuphatikizapo anthu ovala yunifolomu, akundiyankha zosiyana ndi mnzake.

Yoyamba ndi mfuti ya mapeleti imene mng'ono wanga anabwera nayo kuchokera ku Johannesburg chaka chatha. Anaigula m'sitolo wamba yogulitsa mbedza, matenti ndi nsapato zoyendera m'tchire, popanda womufunsa chiphaso chilichonse, ndipo lisiti lake ndinalisunga. Ndi ya mamilimita 5.5, yochita kuthyola pakati poikamo peleti, ndipo siidya onga ayi, imakankha ndi mpweya basi. Anandipatsa kuti ndiziopsezera mbalame mpunga ukayamba kucha, popeza ana amene ankatandala m'munda ndi malegeni ndi zitini masiku ano amakhala kusukulu, ndiponso kuti ndiziphera makoswe kunkhokwe.

Tsiku lina ndikuchokera kumunda, mfutiyo nditaikulunga m'thumba n'kuimangirira panjinga, ndinakumana ndi wapolisi amene anaitenga, n'kuithyola, n'kusuzumira m'paipi mwake, kenaka n'kundibwezera akuseka, akuti imeneyi ndi legeni ya azungu, siifuna pepala. Patatha masabata atatu, wapolisi wina pamalo ena anaiona n'kupsa mtima kwambiri. Iyeyo anati chinthu chilichonse chokhala ndi paipi, chimene chingathe kuboola lata, ndi mfuti, ndipo chimafunika chiphaso komanso chilolezo cholowetsera m'dziko muno, ndipo anandiuza kuti ndithokoze Mulungu kuti tsiku limenelo anali pa ntchito ina. Nditapita kupolisi kukafunsa bwinobwino anandiuza kuti woona za mfuti wachokapo, ndibwerenso. Ndapitako kawiri, ulendo uliwonse ndikulipira kabaza, koma osamupeza.

Yachiwiri ndi mfuti ya onga ya mtundu wa Greener ya malemu bambo anga, ya paipi imodzi, yomwe ankatetezera ng'ombe ndi dimba. Iwo anali ndi chiphaso ndipo ankachilipira chaka ndi chaka mpaka pamene anatisiya mu 2021. Mapepala awo onse anali m'sutikesi ya chitsulo imene inapita ndi madzi a namondwe wa Freddy mu 2023, koma mfutiyo inapulumuka chifukwa inali pamwamba pa mitanda ya denga. Amalume akuti mfuti ndi chuma cha masiye ngati ngolo kapena khasu, choncho ndi yanga monga mwana woyamba ndipo palibe chokafunsa kuboma. Mnansi wanga wina akuti popeza nsonga ya paipi inachita dzimbiri, ndingoidulako ndi sowo kuti kutsale kwabwinoko.

Ndikupempha amene akudziwa andithandize. Kodi mfuti ya mapeleti ndi mfuti pamaso pa lamulo la dziko lino kapena ayi, ndipo ndani amene mawu ake ndi omaliza pa nkhani imeneyi? Nanga ya bambo anga ndiyambire pati kuti ndisadzipereke ndekha m'manja mwa mlandu?

Kalaliki wopuma wa ku Nchalo wayankha:

Bambo a ku Nkhate, pepani ndi za madziwo, ndipo mwachita bwino kufunsa musanagwire sowo. Ine si loya. Ndinagwira ntchito ya ukalaliki kubwalo la milandu zaka zambiri, kotero zimene ndilembe pano muzitenge ngati za munthu amene anakhala pafupi ndi milandu. Ndiyamba ndi mfuti yachiwiri, chifukwa ngakhale inu mukuoneka kuti mukuda nkhawa kwambiri ndi ya mapeleti, imene ingakugonetseni m'chitokosi msanga ndi ya malemu bambo anu.

Pa Greener palibe chokayikitsa chilichonse. Imeneyo ndi mfuti pa lamulo la mfuti la dziko lino, lomwe linakhazikitsidwa mu 1967 ndipo m'mabuku a malamulo limapezeka pa mutu 14:08. Chiphaso cha mfuti chimaperekedwa kwa munthu wotchulidwa dzina, pa mfuti yodziwika nambala yake, ndipo chimayenera kukonzedwanso chaka chilichonse. Sichisiyiranidwa ngati munda. Amalume anu akunena zoona mbali imodzi yokha: mfutiyo ndi katundu wa malemu, ndipo imagawidwa motsatira lamulo la chuma cha masiye la 2011 monga katundu wina aliyense. Koma kukhala mwini wake wa mfuti ndi nkhani ina, kuloledwa kuisunga m'nyumba ndi nkhani inanso. Banja likhoza kugwirizana kuti mfutiyo ndi yanu, koma banja silingakupatseni chiphaso. Kunena mosapsatira mawu, kuyambira 2021 m'nyumba mwanu muli mfuti yopanda woisunga wovomerezeka, ndipo mukamachedwa nkhaniyo ikungokulirakulira.

Musainyamule n'kukatulukira nayo kupolisi mwadzidzidzi, chifukwa mukaimitsidwa panjira mudzasowa pogwira. Yambani mwaonana ndi a Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu pa za malamulo, kapena loya, muwafotokozere za kuchedwaku mosabisa kanthu. Kenaka mupite kupolisi chimanjamanja, mutatenga kalata ya a nyakwawa yochitira umboni kuti bambo anu anamwalira ndiponso kuti nyumba yanu inalowa madzi, chiphaso chanu cha unzika, ndi nambala ya mfutiyo mutaikopera papepala. Kusowa kwa mapepala a malemu kusakufooketseni, popeza kaundula wa mfuti zovomerezeka amasungidwa ndi apolisi, ku ofesi ya mkulu woona za kalembera wa mfuti, ndipo nambalayo ndi imene ingatsimikize kuti mfutiyo inali m'dzina la bambo anu. Tsiku lopereka musachokepo opanda lisiti lolembedwa mtundu wa mfuti, nambala yake, tsiku, ndi dzina la woilandira. Zipolopolo ngati zilipo muziperekenso, popeza nazonso sizisungidwa popanda chilolezo.

Za sowo zija muziiwale lero lomwe. Mukadula paipi, mfuti imene ili m'manja mwanu siifanananso ndi imene inalembedwa m'kaundula. Komanso mfuti yodulidwa paipi imabisika m'jekete, n'chifukwa chake achifwamba amaikonda, ndipo ikadzaikidwa patebulo pamaso pa woweruza palibe amene adzakhulupirire nkhani ya dzimbiri.

Tsopano ya mapeleti, yomwe ndi yovutadi. Ndikuona kuti apolisi awiri aja sanasiyane chifukwa cha umbuli kapena nkhanza, koma chifukwa aliyense anagwira mbali yake ya funso limodzi. Woyamba anayang'ana chimene chimakankha peleti, ndipo ataona kuti mulibe onga anati si mfuti. Wachiwiri anayang'ana chimene chidacho chingachite pathupi la munthu, ndipo ataona kuti chingavulaze anati ndi mfuti. Malamulo a mfuti m'mayiko ambiri amakangana pa mafunso awiri omwewa. Ku Britain, kumene tinatengera kalembedwe ka malamulo athu ambiri, lamulo limati mfuti ndi chida chokhala ndi paipi chimene chingathe kupha, ndipo kwa zaka zambiri mabwalo a milandu ankalimbana ndi mawu akuti chingathe kupha, akumaitana akatswiri kudzayesa chida chilichonse pachokha, mpaka mu 2017 pamene nyumba ya malamulo ya kumeneko inaika muyeso weniweni wa mphamvu. Lamulo lathu linalembedwa zaka zoposa makumi asanu zapitazo, pamene mfuti za mpweya zamphamvu zimene zadzaza m'masitolo a ku Joni lero zinali zisanafale, ndipo wapolisi wa pamsewu alibe chipangizo choyezera mphamvu ya mfuti. Amayesa ndi maso.

Mawu omaliza sali ndi wapolisi wa pamsewu, ngakhale akhale waulemu chotani. Ali ndi ofesi ya kalembera wa mfuti, ndipo pakabuka mkangano ali ndi bwalo la milandu. Mukadzaimbidwa mlandu, kunena kuti wapolisi wina anandiuza kuti ndi legeni ya azungu mwina kungachepetse chilango, koma sikungafafanize mlandu, popeza kusadziwa lamulo si chodzitetezera. Muyeneranso kudziwa kuti malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 sapereka ufulu wokhala ndi mfuti; mfuti imasungidwa mwa chilolezo cha boma. Chimene malamulo amenewo akukupatsani chili pa gawo 43, lomwe limati munthu ali ndi ufulu wochitiridwa zinthu mwachilungamo ndi maofesi a boma, ndiponso wopatsidwa zifukwa zolembedwa pamene chiganizo cha ofesi chikukhudza zofuna zake. Choncho lekani kuyendera woona za mfuti ndi pakamwa. Lembani kalata yotchula kampani imene inapanga mfutiyo, kukula kwa peleti, mphamvu yake monga yalembedwera pakatoni, ndi kumene inagulidwa, n'kufunsa funso limodzi lokha lakuti kodi ikufunika chiphaso kapena ayi. Mupange makope awiri, imodzi akudindireni chidindo mubwerere nayo kunyumba. Poyembekezera yankho, mfutiyo isatulukenso m'nyumba.

Mwini khola wa ku Ngabu wayankha:

Akulu a ku Nchalo alemba zomveka, ndipo sindikutsutsa lamulo limene afotokoza. Koma ine ndine mmodzi wa anthu amene ali ndi mfuti ya chiphaso, ndipo ndikufuna Bambo a ku Nkhate adziwiretu kuti kupereka mfuti kupolisi kumatenga ola limodzi, pamene kuitenganso kungadye zaka. Achimwene anga atamwalira tinachita ndendende zimene zalembedwa pamwambapa. Mfuti inakhala m'chipinda chosungiramo zida pa polisi ina zaka ziwiri ndi miyezi, ine ndikuyendera mapepala, ulendo wina akuti mafomu atha, ulendo wina akuti fayilo inapita kulikulu. Pamene ndinkailandira, chiswe chinali chitadya mtengo wake wotsamiritsa paphewa ndipo paipi inali itafiira ndi dzimbiri. M'zaka ziwiri zimenezo akuba anatsegula khola langa kawiri usiku, ine ndikuwamva ndili ndi chibonga chokha m'manja. Sindikunena kuti mfutiyo muibise. Ndikunena kuti muipake mafuta ambiri musanaipereke, muijambule pafoni mbali zonse pamodzi ndi nambala yake, ndipo ngati mukufuna kudzaisunga nokha, mupereke pempho la chiphaso chanu tsiku lomwelo, osati kudikira kuti akuitaneni.

Pali mtundu wachitatu wa mfuti umene sunatchulidwe, koma kuno kuchigwa tonse tikuudziwa, ndiwo gogodera. Zina ndi zakalekale, za nthawi ya agogo a agogo athu, zimene sizinalire kwa zaka zambiri ndipo zimangosungidwa ngati chikumbutso cha mtundu. Zina n'zosulidwa posachedwa ndi amisiri a m'midzi kuchokera ku mapaipi. Zambiri zilibe nambala, ndipo apa mpamene munthu wofuna kutsata lamulo amasowa poyambira, popeza kalembera yense wa mfuti amayendera nambala. Anthu akumudzi ambiri amaganiza kuti gogodera si mfuti ya boma, ndiye siikhudzana ndi chiphaso, monga mmene wapolisi woyamba uja anaganizira za mapeleti. Koma gogodera imadya onga ndipo imagwetsa njati. Alonda a nyama zakutchire ku Lengwe, ku Majete ndi ku Mwabvi akakupeza nayo safunsa kuti inali ya agogo ako kapena ayi.

Pamenepa ndikufuna ndikuchenjezeni za lamulo lina limene inu simunalifunse. Lamulo loteteza nyama zakutchire la 1992 linakhwimitsidwa kwambiri mu 2017, moti pa nyama zotetezedwa mwapadera monga njovu, chipembere ndi ngaka chilango chimatha kufika zaka 30 m'ndende. Lamulo limeneli silidikira kuti mkangano wa mapeleti uthe, chifukwa kupezeka ndi chida chosakira m'malo otetezedwa popanda chilolezo ndi mlandu pakokha, kaya chidacho ndi mfuti, mkondo kapena msampha wa waya. Inu mumalima pafupi ndi Elephant Marsh, dambo limene mu 2017 linalembedwa m'gulu la madambo ofunika padziko lonse makamaka chifukwa cha mbalame zake, ndipo mbalame zina za kumeneko n'zotetezedwa. Ngakhale kalembera atakuyankhani kuti mfuti yanu siifuna chiphaso, yankho limenelo silidzakhala chilolezo chowombera mbalame iliyonse yotera m'munda mwanu.

Mmalawi wa ku Germiston wayankha:

Ndine wa ku Bangula koma ndakhala kuno ku South Africa zaka zingapo, ndipo ndikutsimikiza kuti mng'ono wanu sananame. Mfuti za mtundu umenewo zimagulitsidwa poyera ngati njinga. Chifukwa chake n'chakuti lamulo la mfuti la kuno, la chaka cha 2000, linaika malire a nambala: mfuti ya mpweya imene peleti yake ndi yochepera mamilimita 5.6 siiwerengedwa ngati mfuti yofuna chiphaso. Yanu ya 5.5 yatsala pang'ono chabe kufika pamalirewo, pamene ina yamphamvu ya mamilimita 6.35, yooneka chimodzimodzi kwa munthu woiona patali, imafuna chiphaso ngati mfuti ina iliyonse. Anzathu ambiri obwerera kumudzi amaganiza kuti chimene agula mwalamulo kuno n'chololedwa kulikonse, osazindikira kuti basi ikadutsa Beitbridge, pamalire a dziko lino ndi Zimbabwe, lamulo la kuno latsala kumbuyo, ndipo mfutiyo ikudutsa m'Zimbabwe ndi m'Mozambique, dziko lililonse lili ndi lamulo lake, isanafike n'kwathu komwe. Ngakhale m'dziko limodzi zimasiyana: ku England mfuti yaitali ya mpweya imafuna chiphaso pokhapokha mphamvu yake ikapitirira malire oikika, pamene ku Scotland kuyambira kumapeto kwa 2016 ngakhale yofooka imafuna chiphaso.

Koma musaganize kuti kumene kuli manambala kulibe chisokonezo. Kuno lamulo limati munthu apemphe kukonzanso chiphaso chake kutatsala masiku 90 kuti chithe. Anthu ambiri anachedwa, ndipo mu June 2018 bwalo lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti lamulolo n'lolondola, kutanthauza kuti amene chiphaso chake chatha akusunga mfuti mosaloledwa. Kwa zaka pafupifupi zinayi anthu amenewa sankadziwa ngati angapemphe chiphaso chatsopano pa mfuti yomweyo kapena ngati mfutiyo iyenera kuwonongedwa, mpaka mu 2022 pamene bwalo lomwelo linanena kuti akhoza kupempha. Nkhani imeneyi ikufanana kwambiri ndi ya Greener yanu, ndipo ikusonyeza kuti umwini wa mfuti ndi chilolezo choisunga ndi zinthu ziwiri, monga anenera akulu a ku Nchalo.

Ku America, kumene malamulo oyendetsera dziko amapereka ufulu wokhala ndi mfuti, nkhani ya magulu a mfuti yavuta koposa. Lamulo lawo la 1934 limati mfuti yaitali imene paipi yake ndi yochepera mainchesi 16 ili m'gulu lapadera lofuna kulembetsedwa kuboma, ndipo wosalembetsa akhoza kukhala m'ndende mpaka zaka 10. Kenaka kunabwera kachipangizo kolumikiza kumbuyo kwa pisitolo yaikulu, komangirira pamkono, komwe poyamba anakapangira anthu olumala kuti aziwombera ndi dzanja limodzi. Nthambi ya boma yoona za mfuti, ya ATF, inavomereza kachipangizoka mu 2012, ndipo anthu ochuluka zedi anagula. Mu January 2023 nthambi yomweyo inatulutsa lamulo lakuti mapisitolo ambiri okhala ndi kachipangizoka ndi mfuti zazitali zofupikitsidwa, ndipo eni ake anapatsidwa mpaka kumapeto kwa May kuti alembetse, achotse kachipangizoko, kapena apereke mfutizo. Mu June 2024 bwalo la milandu ku Texas linafafaniza lamulo limenelo. Mwezi womwewo bwalo lalikulu kwambiri la dzikolo linathetsanso chiletso cha chipangizo china chofulumizitsa kuwombera, chimene boma linaletsa pambuyo pa kuphedwa kwa anthu ambiri ku Las Vegas mu 2017, ndipo pofika nthawi imeneyo amene anamvera boma anali ataphwanya kale kapena kupereka zipangizo zawo. Pa zonsezi chitsulo cha m'manja mwa munthu sichinasinthe; chimene chinkasintha ndi dzina limene ofesi inkachipatsa, ndipo amene ankataya ndalama ndi tulo anali omwe ankayesetsa kumvera.

Malangizo anga kwa anzanga a kuno ndi akuti asamatumize kapena kunyamula mfuti za mapeleti kupita nazo kumudzi asanalandire yankho lolembedwa kuchokera ku Malawi, chifukwa mphatso yotereyi imasanduka mtolo kwa woilandira.

Mphunzitsi wopuma wa ku Nsanje wayankha:

Ndawerenga zonse, ndipo monga mayi wachikulire ndikupempha kuti mundilole ndilankhuleko mbali ya wapolisi wachiwiri uja, amene akuoneka ngati woipa m'nkhaniyi. Ife amene tinali ku Nsanje nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique sitiiona mfuti ngati katundu wamba. Anthu othawa nkhondo amene analowa m'Malawi anafika pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo ambiri mwa iwo anali m'boma lathu lino. Nkhondoyo inatha ndi pangano la ku Rome mu October 1992, koma mfuti sizinathe nayo limodzi. Zaka zotsatira tinkagona ndi mantha chifukwa cha achifwamba a AK-47. Mu December 1993 asilikali athu analanda zida za a Malawi Young Pioneers pa ntchito imene inatchedwa Operation Bwezani. Ku Mozambique, mu 1995, mipingo motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane inayamba kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Pangano la mayiko a SADC loletsa kufala kwa mfuti linasainidwa ku Blantyre konkuno mu August 2001, ndipo limalimbikitsa kuti mfuti za anthu wamba zizilembedwa m'kaundula ndiponso zizikhala ndi chizindikiro chozidziwira. Wapolisi wogwira ntchito m'dera la malire ngati lathu akaona paipi ikutuluka m'thumba panjinga, ine sindingamudzudzule akaumitsa nkhope.

Za kuti mfuti ya mapeleti ndi legeni, ndikukana kwamtuwagalu. Ndili pantchito, mnyamata wina wa sitandade 6 anataya diso chifukwa mnzake anatenga mfuti yotereyi ya bambo ake n'kumaseweretsa kuseri kwa nyumba. Ndinamuperekeza kuchipatala ine ndemwe, atagwira kumaso ndi malaya ake a yunifolomu, ndipo bambo wa mfutiyo ankangobwereza kuti ndi ya mbalame, ndi ya mbalame. Kaya lamulo likuitcha chiyani, Bambo a ku Nkhate, muitsekere kumene ana sangafike, ndipo mapeleti muwasunge kwina.

Chimene ndikugwirizana nanu nonse n'chakuti si bwino kuti munthu wofuna kumvera azilipira kabaza kawiri katatu osapeza womuuza chimene akuyenera kumvera. Bwenzi pa polisi iliyonse atamata pepala lolembedwa m'Chichewa ndi m'Chisena, lotchula mtundu uliwonse, ya mapeleti, gogodera, Greener, pisitolo, ndi chimene mwini wake ayenera kuchita, komanso chimene ana amasiye ayenera kuchita mwini mfuti akamwalira, ndipo mawailesi a m'madera athu akanatha kuliwerenga kangapo pachaka. Ndikukhulupirira kuti m'midzi yathu muli mfuti zambiri za malemu zimene zili pamitanda ya denga, osati chifukwa cha umbanda, koma chifukwa ana awo akuopa kuti akakaulula adzagona komweko.

Mlimi wa ku Nkhate walembanso:

Ndikuthokoza nonse, makamaka Amayi a ku Nsanje, chifukwa mawu anu omaliza afotokoza ndendende chimene chinandisungitsa mfuti ya bambo anga zaka zonsezi. Ndachedwa kuyankha popeza ndimafuna ndichite kaye kanthu. Nditalandira uphungu wa za malamulo monga munandiuzira, Lachiwiri lapitali ndinapita kupolisi ndi a nyakwawa athu, tili chimanjamanja, titatenga kalata ndi nambala. Anatifunsa mafunso ambiri, makamaka chifukwa chimene ndinachedwera, ndipo zonse anazilemba ine n'kusaina. Masana apolisi awiri anabwera kunyumba kudzatenga Greener pamodzi ndi zipolopolo zinayi zimene ndinazipeza m'chitini cha tiyi. Ndinaipaka mafuta ndi kuijambula monga ananenera Bambo a ku Ngabu, ndipo lisiti ndalisunga m'pepala la pulasitiki pamwamba pa mitanda pomwe panali mfutiyo. Pempho la chiphaso changa ndapereka, ngakhale andiuza kuti ayenera kutsimikiza kaye nambalayo kulikulu.

Kalata ya mfuti ya mapeleti anailandira n'kundidindira kope yanga, koma apolisi awiri amene anabwera kunyumba aja, ataiona mfutiyo, nawonso anayamba kutsutsana pakhonde panga pomwe, wina akuti aitengere limodzi, wina akuti alibe chifukwa choitengera. Mapeto ake anaisiya, n'kundiuza kuti ndisatuluke nayo mpaka yankho litabwera. Ndaitsekera m'bokosi ndipo kiyi ali ndi mayi a kunyumba. Amalume sakundilankhula, akuti ndapereka chuma cha mlamu wawo kwa alendo. Mpunga wa m'chilimwe wayamba kutulutsa ngala, ndiye dzulo ndinakhala tsiku lonse ndikumanga zitini pazingwe kuzungulira munda. Yankho likabwera ndidzalilemba pano monga lidzakhalire.